Mawu Apawiri ndi Mawu Opanda Malire

Chingerezi chili ndi mawu atatu onena za kulankhula kosamveka bwino: ambiguous, obscure ndi vague. Anthu ambiri amawaphatikiza, koma vuto limene lililonse limaloza ndi losiyana.

Liwu limatchedwa ambiguous likakhala ndi matanthauzo awiri, lililonse lomveka palokha. Polemba, "mtengo" ukhoza kukhala womera m'tchire kapena ndalama zimene wogulitsa makala ku Kanyama akufuna. Funso limodzi limathetsa nkhaniyo: mukunena uti? Obscure ndi pamene tanthauzo lilipo koma labisika, monga m'masomphenya a m'buku la Chivumbulutso. Pamenepo pamafunika womasulira.

Vague ndiye pamene pagona nkhani, chifukwa tanthauzo ndi limodzi koma lilibe malire. Pamsika wa Chawama tomato amagulitsidwa pamulu. Mayi wogulitsa akachotsapo mmodzi, udakali mulu. Akachotsanso wina, wogula sadandaula. Akapitiriza, pamatsala awiri, ndipo palibe angautchenso mulu. Nanga ndi tomato uti amene wathetsa muluwo? Funso lotere linachokera kwa wafilosofi Eubulides wa ku Miletus zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, ndipo mu 1923 wafilosofi wina, Bertrand Russell, anatsindika kuti chilankhulo chonse cha anthu chili ndi chilema chimenechi. "Wosauka", "nkhalamba" ndi "wolungama" ndi mawu a mtundu womwewo.

Pa za chipembedzo, kusowa malireku kumapindulitsa wolankhula. Mneneri wa m'komboni akauza mayi kuti m'banja mwake muli wina amene samufunira zabwino, sangagwidwe bodza, poti banja lopanda mkangano n'losowa. Womvayo ndiye amaikapo dzina la mlamu kapena apongozi, kenako amati ulosi wakwaniritsidwa.

Boma nalo limalankhula motero. Pa 29 Disembala 1991, Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'ndime yotsegulira malamulo oyendetsera dziko. Mipingo yambiri ya Pentekoste inakondwera, pamene atsogoleri a Katolika ndi a mipingo ina anadandaula kuti sanafunsidwe. Kwa ena chilengezocho chimanena za kuchuluka kwa Akhristu, kwa ena za khalidwe la atsogoleri. Ndimeyo imatetezanso ufulu wa aliyense wokhulupirira zimene akufuna, koma sitchula chimene boma liyenera kuchita kapena kuleka kuti dziko liyenere dzinalo.