Kodi Tulo N'ta Yani?

Kwathu ku Chama, m'dziko la Asenga, munthu amadziwiratu nyengo imene sadzagona. Mpunga ukayamba kuca m'madambo a cigwa ca Luangwa, ca m'miyezi ya April ndi May, njobvu nazonso zimamva fungo lace. Pamenepo mwamuna amatenga cofunda ndi citini cakale napita ku cilindo. Amasonkha moto, ena amafukiza tsabola wosakaniza ndi ndowe, ndipo usiku wonse khutu liri kunja. Akamva nthambi kuthyoka amaomba citini, mnzace wa munda wa kutsidya nayankha, mpaka dambo lonse lidzaza phokoso. Nchito iyi njoopsa, pakuti njobvu yanjala sidziwa cifundo. Koma taonani zinthu ziwiri: wolinda uja sali yekha, ndipo kucezera kwace kuli ndi malekezero. Mpunga ukalowa m'nyumba iye amagona tulo tofa nato, palibe womunena ulesi.

Tsono inu anyamata ndi atsikana amene mwatsiriza sukulu, ambiri a inu maso ali ku Lusaka. Kumeneko mudzapeza usiku wa mtundu wina, umene makolo athu sanaudziwe. Nyali za m'miseu ndi m'masitolo zinacotsa mdima, ndipo pamodzi ndi mdimawo zinacotsa malire a tsiku. Kale dzuwa likalowa nchito inali kutha yokha; lero iyenera kuletsedwa ndi mwini wace, ndipo munthu wosauka sakhoza kuiletsa. Walira mvula walira matope.

Pitani ku msika wa Soweto tambala asanalire: amai ogula ndiwo zokagulitsa afika kale, ana awasiya m'tulo. Pitani ku siteshoni ya Intercity: apaulendo agona pa mabenchi, dzanja liri pa katundu, diso limodzi lotseguka. Caka ca 2016 Boma linaletsa mabasi kuyenda kuyambira 9 koloko usiku kufikira 5 koloko m'mawa, cifukwa ca ngozi za pamseu. Lamulo limenelo linabvomereza cinthu cimene mlimi ali yense adziwa, kuti thupi la munthu silinyengeka, ndi kuti woyendetsa woodzera aposa njobvu kuopsa kwace.

Koma cimene cinandizizwitsa koposa cinacitika caka ca 2024. Mvula itakana, madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi anali kuzima nthawi zina maora 20 ndi kupitirira pa tsiku. Maora ocepa otsalawo kawirikawiri anali kugwa pakati pa usiku. Anthu anayamba kugona nyali ya m'cipinda ali cisiyire yotsegula, kuti ikayaka iwadzutse. Mai anali kudzuka kusita malaya a ana a sukulu. Wowotcerera zitsulo anali kuthamangira ku nchito yace anzace ali m'tulo. Mzinda wonse unasanduka cilindo, anthu kulinda cinthu cimene sanadziwe ora lace la kufika.

Apa mpamene pali funso langa. Timati tulo n'taulere, mphatso imene wolemera ndi wosauka alandira molingana. Kodi ndi zoona? M'mzinda nyumba zambiri za mpanda wautali ziri ndi mlonda pa cipata, ndipo kawirikawiri mlondayo ndi mwana wa kumudzi, wonga inu. Mwini nyumba agona bwino cifukwa wina ali maso m'malo mwace. Tulo taceto watigula, ndipo watigula motsika mtengo. Sinditi kulemba mlonda ndi cimo. Nayenso mlonda afuna ndalama zodyetsera ana. Koma ku Chama wolinda alinda mpunga umene adzadya, ndipo mnzace amyankha. Mlonda wa m'mzinda alinda cuma cimene sadzacikhudza, caka conse, popanda nyengo yokolola. Kukaca abwerera ku kacipinda ka lendi, kumene dzuwa liotca malata ndi wailesi ya mnansi isokosa. Madokotala anena kuti munthu wamkulu asowa tulo ta maora 7 kapena 8. Iye akapeza 4 ayamika.

Pali enanso amene palibe anawalanda tulo, anatitaya okha. Mnyamata agona cagada, kanyali ka foni kali pamaso, mpaka usiku upita pakati. Ameneyu sindimcitira cifundo cacikuru, ngakhale ndibvomere kuti inenso ndagwidwamo. Komabe mwina cimene afuna m'kagalasi kaja ndi cimene wolinda apeza pa dambo: liu la munthu wina woyankha mumdima.

Ndinafunsa mlonda wina wa kwathu cimene acikumbuka kumudzi. Ndinayesa adzachula nsima ya mpunga kapena nsomba za m'Luangwa. Iye anayamba wayasamula, nati, "Acimwene, ine ndikumbuka mwezi wa July, mpunga uli m'matumba."