Nkhumba ya jini ya nyongolotsi: ndani amasenza katunduyo?

Mu 2006 asayansi a ku Missouri ndi Pittsburgh ku America adalengeza kuti abereketsa ana a nkhumba okhala ndi jini yotengedwa m'kanyongolotsi kotchedwa C. elegans. Jiniyo, fat-1, imasandutsa mafuta a omega-6 kukhala omega-3, mafuta aja madokotala amati ndi abwino pamtima, omwe ife timawapeza mu usipa. Cholinga chake nkuti munthu adye nyama ya nkhumba koma thupi lilandire ngati wadya nsomba.

Anzanga a kutchalitchi akamva izi amangoti, "Anthuwa akudziyesa Mulungu." Amatchula Levitiko 19, pomwe Aisraeli adaletsedwa kukweretsa ziweto za mitundu yosiyana. Sindiwapeputsa, koma yankho lawo silindikhutiritsa. Ambiri mwa iwo ali ndi nkhuku za mikolongwe pakhomo, ena amakama ng'ombe za Friesian zosakanizidwa ndi zebu yathu. Yakobo mwiniwake, pa Genesis 30, adamchenjerera Labani posankha ziweto zoti zikwerane. Munthu adayamba kale kusintha ziweto, ndipo palibe m'busa amene adauza mlimi kuti alape chifukwa chosankha tonde wabwino.

Chomwe chimandivuta ine nchina: pa zonsezi, ndani amasenza katunduyo?

Nkhumba zija zidabadwa mwa cloning, njira yopangira chiweto kuchokera ku selo la chiweto china, yomwenso idabala Dolly, nkhosa ya ku Roslin Institute ku Scotland, pa 5 July 1996. Selo lake lidatengedwa m'bere la nkhosa ya zaka zisanu ndi chimodzi. Mwa mazira 277 omwe adayesedwa, mwana wamoyo adali yekhayo. Mu 1999 zidapezeka kuti ma telomere ake, timapeto ta makromozomu timene timafupika selo likamagawikana, adali aafupi kuposa a nkhosa za msinkhu wake. Anthu adayamba kunong'onezana kuti wabadwa kale ali nkhalamba. Kenako nyamakazi idamugwira, ndipo pa 14 February 2003 adamupha chifukwa cha nthenda ya m'mapapo yoyambitsidwa ndi kachilombo, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokha. Mantha aja adadzazirala mu 2016, pomwe ofufuza a ku Nottingham adaonetsa kuti nkhosa zinayi zopangidwa kuchokera ku maselo omwewo zidakalamba bwinobwino. Chabwino. Koma mazira onse aja omwe sadabale mwana, ndi nkhosa zazikazi zomwe zidang'ambidwa kuti zinyamule mazira, palibe lipoti lomwe lidazibweza.

Miyambo 12 imayesa kulungama kwa munthu poona mmene amasamalira moyo wa chiweto chake. Muyeso wanga ndi womwewo. Asayansi a ku Roslin adapanganso nkhumba zosagwidwa ndi PRRS, nthenda yomwe imachititsa nkhumba kutaya mimba ndipo imapha ana ake. Pamenepo nkhumba imapindula nawo, ndipo ine ndilibe nawo mlandu. Koma nkhumba ya fat-1 siidapangidwe kuti iyo ichire kanthu. Idasinthidwa kuti munthu asasinthe kadyedwe kake, pomwe mafuta omwewo atha kubwera mwa kudyetsa nkhumba flaxseed kapena munthuyo kugula nsomba. Kwa ine chifukwa chimenecho nchopepuka kwambiri kuti chiweto chivutikire.