Kodi Lonjezo Limaphwa Pamodzi ndi Nyanja?

Nyanja ya Chilwa itaphwa m'chaka cha 1995, ndiponso mu 2018, mabwato a pa doko la Kachulu anatsala ali gone pa matope ong'aluka. Eni makoka anauza alovi awo kuti ntchito yatha, ndipo ife sitinawadzudzule, pakuti palibe angalipire wokoka khoka pamene matemba kulibe. Alovi nawonso anamvetsa. Chimene chinapweteka ena mwa iwo chinadza pambuyo pake. Anauzidwa kuti, "Madzi akabwerera tidzakuitanani," koma madzi atabwerera anapeza anyamata ena akukoka khoka lomwelo.

Tiyeni tilingalire bwino kusiyana kumeneku. Munthu wochotsedwa ntchito amatha kupirira njala imene aliyense akuona gwero lake. Chimene sapirira ndicho kuzindikira kuti mawu amene anawasunga mumtima ananenedwa pongofuna kuti achoke pakhomo mwakachetechete. Chifukwa cha mawuwo iye sanapite kukafuna ganyu m'minda ya mpunga ya ku Likangala. Anadikira, ndipo banja lake linadikira naye.

Kudikira kotere nkosachita kufunsa m'dziko muno. Pakati pa 1988 ndi 1992, Amalawi pafupifupi 13,000 amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera mwa TEBA anabwezedwa kwawo. Ambiri anakhala zaka zoposa 30 akulembetsa maina, akuyembekeza ndalama zimene amakhulupirira kuti anazigwirira ntchito, ndipo ena anamwalira mapepala awo ali m'chikwama.

Wolemba ntchito angayankhe kuti, "Zinthu zinasintha, ndipo sindinasaine paliponse." N'zoona kuti zinthu zimasintha. Koma kodi pepala ndilo limapanga lonjezo? Werengani Genesis 31:7, 41. Yakobo sanadandaule za kutalika kwa zaka 20 zokha ayi. Anatchula kuti Labani anasintha malipiro ake kakhumi. Ndipo Labaniyo anali malume ake, monga momwe mwini khoka kawirikawiri amakhalira mbale wa mlovi.

Ena mwa ife tili ndi khoka, chigayo, kapena mnyamata wolondera mbalame mumpunga. Pomuchotsa timachita manyazi kunena kuti sitidzamuitananso, tsono timamupatsa mawu okoma m'malo mwa malipiro ake otsala, n'kumati tamuchitira chifundo. Iye amapita kwawo akuwerenga miyezi yotsala kuti mvula igwe.