Maso Amadzaza Pamene Sanaone

Timakonda kunena kuti, "Ndinaona ndi maso anga," ngati kuti mau amenewo atha mlandu. Koma tiyeni tiwayese masowo. Lembani mtanda papepala kumanzere ndi kadontho kakuda kumanja, motalikirana ngati utali wa cala. Tsinzinani diso lamanzere, penyani mtandawo ndi lamanja, nimuyandikize pepalalo pang'onopang'ono. Pena pake kadonthoko kadzasowa. Edme Mariotte wa ku France anapeza ici m'zaka za m'ma 1660: pamene mtsempha uturukira m'diso kunka ku ubongo, diso siliona kanthu. Koma ife sitiona cibowo ai, pakuti ubongo umadzazapo kuyera kwa pepala osatiuza.

M'caka ca 1923, Max Wertheimer, katswiri wa ku Germany, anaonetsanso kuti timadontho toyandikana kapena tofanana timationa ngati gulu limodzi, tisanayambe n'kuganiza komwe. Mphatso imeneyi njabwino, ndiyo itithandiza kuzindikira nkhope ya mnzathu m'khamu la anthu pasiteshoni.

Tsono mphatso yomweyi imatipweteka m'komboni muno. Tikaona mnzathu alikulankhula ndi kapitao kawiri, tadzaza kale kuti ndi kazitape. Mmodzi wa mtundu wina akaba bulangete, onse a m'cipinda cace tawamanga mtolo umodzi. Kalata ya kumudzi ikacedwa miyezi iwiri, kapena pacithunzi ca mkazi wathu pakaoneka mwamuna amene sitimdziwa, mtima umalemba nkhani yonse, ndipo ukwati wa zaka zambiri ukhoza kupasuka cifukwa ca kadontho kamene sitinakaone.

Kodi munthu ali ndi mlandu pa cimene maso ace adzaza okha? Ife tiyesa kuti ai, pakuti anabadwa cotero. Mlandu uyamba pamene atenga codzazaco nacinena pamaso pa anthu ngati mboni. Wakhungu uja wa ku Betsaida, m'buku la Marko mutu 8, atakhudzidwa koyamba anaona anthu ngati mitengo yoyenda, ndipo anabvomera poyera kuti sanapenyetse. Atakhudzidwa kaciwiri mpamene anaona bwino.

Cifukwa cace tisanaweruze mbale, tilekanitse cimene taona ndi cimene tawonjezera, ndipo tipite tikamfunse mwini wace. Makolo athu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.