Gogomole wa ku Dzalanyama: Mlandu Ngwa Yani?

M'mamawa, maofesi a pa Capital Hill asanatsegulidwe, njinga zosenza matumba a makala zimakhala zitalowa kale mu Lilongwe. Ambiri a makalawo acokera ku mapiri a Dzalanyama, nkhalango imene Boma linaipatula m'caka ca 1922, kumene kuli gwero la mtsinje wa Lilongwe. M'mitengo ya mombo ya kumeneko mukhala gogomole wina wosowa, amene Azungu amcha dzina la Stierling. Iye afuna mitengo ikuluikulu, pakuti ndimo agogoda pofuna mphutsi, ndimonso aboola cisa cace. Tsono woocha makala afuna mtengo womwewo.

Kunja kukatentha caka ndi caka, monga kulikucitikira makono, mbalame zambiri za m'mapiri zimasamukira kumtunda kufuna kozizira. Koma phiri liri ndi nsonga, ndipo zikapeza kumtundako kuli zitsa zokhazokha, zilibenso kothawira. Cilala, conga ca 2016 ndi ca 2024, cibweretsa tsoka pawiri: moto wolusa upsereza mphukira, ndipo anthu amene cimanga cao cafota alowa m'nkhalango ndi nkhwangwa.

Nanga mlandu ngwa yani? M'caka ca 2015 Boma linatumiza asilikari kukalondera nkhalangoyo, ndipo wogwidwa kawirikawiri ndiye woocha ndi wa njinga. Kulakwa alakwadi, cifukwa aononga cimene sanabzale, cimene ciri ca adzukulu ace omwe. Komabe njala icepetsa mlandu wa munthu. Atate amene ana ace agona ndi njala masiku awiri sangaweruzidwe ngati wocita dala.

Wogula wa ku Area 10 kapena ku Area 43 alibe cowiringula cotere. Iye sanagwirepo nkhwangwa, m'manja mwace mulibe mwaye. Koma ndalama yace ndiyo inatuma nkhwangwayo, ndipo wotuma agawana mlandu ndi wotumidwa. Adzati magetsi amazimazima, ndipo nzoona. Koma pakati pa anthu awiriwa, ndi iye yekha angathe kugula gasi wophikira. Adzatinso, "Kodi kambalame nkanthu?" Ameneyo akumbukire kuti mitengo yosunga gogomole ndiyonso igwira dothi kuti lisakwirire madamu a Kamuzu, kumene kucokera madzi a m'mpopi wa pakhomo pace.