Kubweza Zimene Makina a m'Sitolo Atapa Mopyola

Lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu liletsa kuba. Akristu onse alidziwa lamuloli chiyambire ubwana wao, koma ambiri ayesa kuti wakuba ndi yekhayo amene aboola nyumba usiku, kapena amene amasula mbuzi m'khola la mnzake. Iai. Eklezia aphunzitsa kuti kusunga dala chinthu cha mwini, mwini wakeyo asakufuna, ndi kuba komwe, ngakhale chinthucho chidafika m'manja mwa munthu mwangozi. Chiphunzitsochi n'chakale, koma masiku ano chakumana ndi mlandu watsopano.

Kale ndalama zonse zidali zogwirika. Wogula ankawerenga, wogulitsa nawerenganso, ndipo cholakwa chinkaoneka pomwepo. Lero aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaumoyo ndi ena a ku Chikweo amene alandirira malipiro kubanki ali ndi makhadi. Mwezi ukatha akwera galimoto kunka ku Liwonde kapena ku Balaka, nalowa m'sitolo yaikulu kukagula sopo, shuga ndi mafuta ophikira. Polipira, khadi lilowetsedwa m'kamakina, mwini wake adinda nambala yake yachinsinsi, ndipo banki ichotsa ndalama ku akaunti yake niipereka kwa mwini sitolo. National Switch, imene idayamba ntchito mu 2015, ilumikiza mabanki a m'dziko muno, kotero kuti khadi la banki ina litha kulipira pa makina a banki inzake.

Njirayi n'njabwino, pakuti ipulumutsa munthu kwa opisa m'matumba. Koma zichitika kuti munthu alipitsidwa mopyola. Mwina mtengo wolembedwa pashelefu usiyana ndi wa pa makina owerengera. Mwina chinthu chimodzi chiwerengedwa kawiri. Mwina wogulitsa aphonya chala, nalemba K85,000 m'malo mwa K8,500. Mwinanso netiweki ivuta, khadi lilowetsedwa kachiwiri, ndalama nizichoka kawiri konse. Wogula azindikira ali kale kumudzi, poona uthenga wa banki palamya. Ulendo wobwerera ku Balaka n'ngwautali, ndipo nthawi zina mtengo wa galimoto uposa ndalama zotayikazo. Tsono ambiri angoti, "Zapita basi."

Nanga pamaso pa Mulungu zapitadi? Ai ndithu. Mlandu suola.

ZA WOGULITSA

Malembo Oyera salekerera chinyengo cha pamalonda. Buku la Levitiko (19:35-36) lilamula kuti miyeso ndi masikelo zikhale zoona. Mneneri Amosi (8:4-7) adadzudzula amalonda amene ankachepetsa muyeso, nakuza mtengo, nakhotetsa sikelo, ndipo adawachenjeza kuti Mulungu sadzaiwala ntchito zaozo. Okhometsa msonkho atadza kudzabatizidwa, Yohane Mbatizi sadawauze kuti aleke ntchito yao. Adangowalamula kuti asalandire zopyola pa zimene zidaikidwa (Luka 3:12-13). Mlimi wogulitsa mpunga kapena nandolo adziwa bwino kuwawa kwa sikelo yonama. Makina otapa mopyola ndi sikelo yomweyo, yangosintha maonekedwe.

Wina adzati, "Adalakwa ndi makina, si ine." Zoona, kuphonya si tchimo. Koma makina alibe mtima, sadzagwada pa Sakramenti la Kulapa, sadzaimanso pa chiweruzo. Tchimo liyamba pa ora limene mwini sitolo kapena kapitao wake, potseka mabuku madzulo, aona kuti ndalama zachuluka kuposa katundu wogulidwa, nakhala chete. Likula pamene wogula abwera ndi lisiti lake, iwo namuuza kuti abwere mawa, mawa lakenso mkucha, podziwa kuti munthu wa kufupi ndi nyanja ya Chiuta sangabwere katatu. Kumeneko n'kudyera mtunda ndi umphawi wa mnzako. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992, pa nambala 2409, aika pamodzi ndi kuba chinyengo cha pamalonda ndi kukweza mitengo podyerera umbuli kapena mavuto a wina. Ndipo pa nambala 2412 alamula kuti zotengedwa mosalungama zibwezedwe kwa mwini wake. Augustino Woyera, Episkopi wa ku Hippo, adalembera Macedonius kuti munthu wokana kubweza cha mwini pamene angathe, kulapa kwake n'kwachiphamaso.

Pasakhale wonena kuti ndalama zake n'zochepa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. K500 yotapidwa kwa anthu ambiri isanduka chuma, ndipo kwa mai wamasiye K500 ndi mchere wa ana ake.

Chitsanzo cha wogulitsa ndi Zakeyo wa ku Yeriko (Luka 19:1-10). Ambuye Yezu atalowa m'nyumba mwake, iye sadadikire kuti omulira adze ndi mboni. Adaimirira yekha, nalonjeza kupatsa osauka theka la chuma chake ndi kubwezera kanai aliyense amene adamnyenga. Pamenepo m'pamene Ambuye adalengeza kuti chipulumutso chalowa m'nyumbamo. Mkristu wa m'sitolo safunsidwa kanai. Afunsidwa kamodzi kokha, koma msanga ndi mosang'ung'udza.

ZA WOGULA

Ena ayesa kuti kufunsa zako n'kusowa chikondi, ndi kuti Mkristu wabwino angokhala chete. Kuganiza kotero n'kulakwa. Malipiro a bambo si ake yekha: ndi chakudya cha banja ndi fizi ya ana. Ndiponso wokhala chete asiya mnzake m'cholakwa, natsekulira njira kuti wina alipitsidwe mawa. Safunsa adadya phula.

Tsono wogula ayenera kuchita motere. Asanadinde nambala yachinsinsi, ayang'ane ndalama zolembedwa pa kamakina. Alandire malisiti onse awiri, la katundu ndi la kamakina, nawerenge asanatuluke pakhomo. Pakuti cholakwa chopezeka pomwepo sichivuta kukonza. Akauzidwa kuti malipiro akanika, asafulumire kulowetsanso khadi asanaone uthenga wa banki. Akazindikira atachoka kale, asunge malisiti ndi uthengawo, nayambe wapita kwa kapitao wa sitolo, nalankhula naye mofatsa ndi pambali, monga Ambuye adaphunzitsira za mbale wolakwa (Mateyo 18:15-17). Asanyoze mtsikana wa pa makina pamaso pa anthu, pakuti kawirikawiri iye ndi wantchito chabe, wopanda mphamvu yobweza. Adziwenso kuti ndalama zobwezedwa pa khadi zitha kutenga masiku zisanaoneke.

Sitolo ikakana, apite ku banki yake msanga, akalembe dandaulo lotchula tsiku, malo ndi ndalama. Banki ndiyo ifufuza kwa banki ya sitoloyo. Banki ikapanda kumthandiza, Reserve Bank of Malawi imva madandaulo otere. Za mitengo yonyenga zimvedwa ndi Competition and Fair Trading Commission, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003. Kutsata njira zimenezi si kubwezera choipa. N'kufuna chilungamo mwamtendere.

Koma lamulo la Mulungu lidula mbali zonse ziwiri. Zichitikanso kuti sitolo ibweza ndalama m'manja, pambuyo pake banki nayo nibweza zomwezo. Kapena kuti makina aiwala kuwerenga thumba la shuga. Wogula amene dzulo ankalira chilungamo asati lero, "Mulungu wandidalitsa." Limenelo si dalitso ai, ndi ngongole, ndipo mwina wantchito wosauka ndiye adzadulidwa malipiro chifukwa chake. Wonama kuti adalipitsidwa mopyola aphwanya malamulo awiri pamodzi, lachisanu ndi chiwiri ndi lachisanu ndi chitatu.

KWA AKATEKISTI

Akatekisti aphunzitse zimenezi m'matchalitchi ndi m'miphakati, makamaka pokonzekeretsa anthu kulapa. Odziwa kuwerenga athandize okalamba kuona malisiti, koma asafunse nambala yachinsinsi ya munthu aliyense. Wopita ku tauni amperekeze mnzake wochita manyazi. Ndipo popeza m'boma la Machinga Akristu akhala pakati pa abale ao Asilamu ambiri, akumbuke kuti chilungamo sichifunsa chipembedzo cha wogula kapena cha wogulitsa. Msilamu amene Mkristu wambwezera ndalama zake asanapemphe wamva ulaliki woposa wa paguwa.

Ambuye Yezu, amene adalowa m'nyumba ya Zakeyo, alowenso m'masitolo ndi m'misika ya dayosizi ino ya Mangochi, kuti wogula ndi wogulitsa adzathe kugwada pamodzi pa Ukaristia, wina wosasunga cha mnzake. Amen.