Kodi Chizindikiro Chimodzi N'chokwanira?

Ku Britain ndi ku America kuli anthu amene amakumba m'madzala akale kufunafuna mabotolo amene makolo awo adataya. Akapeza botolo amalitsuka, naliunika padzuwa, nadzifunsa kuti lidapangidwa liti. Funsoli n'laling'ono, komatu labereka lina lalikulu: kodi munthu aone zizindikiro zingati asanagamule?

Choyamba amayang'ana mzere wa m'mbali mwa botolo, pamene padakumana mbali ziwiri za chikombole. Kale mmisiri ankauzira mpweya ndi pakamwa m'galasi losungunuka, ndipo mlomo wa botolo ankaumaliza pamanja. Nchifukwa chake mzerewo umathera m'khosi. M'chaka cha 1903 Michael Owens wa ku Toledo, ku Ohio, adatulukira makina opangira mabotolo, ndipo pa mabotolo a makina mzere umakwera mpaka pamwamba pa mlomo. Koma amisiri ouzira ndi pakamwa sadaleke ntchito chaka chomwecho ayi. Ambiri adapitiriza zaka zingapo. Tsono mzere wothera m'khosi suli umboni wakuti botolo lidapangidwa 1903 isadafike.

Lilipo botolo lina limene Hiram Codd adatulukira ku England m'chaka cha 1872. M'khosi mwake muli kampira kagalasi kamene mpweya wa chakumwa umakakankhira kukamwa, nkutseka. Ana ankaswa mabotolowa kuti atenge timipirato, kotero athunthu amafunidwa kwambiri. Komabe ku Japan ndi ku India akupangabe mabotolo otere mpaka lero.

Mtundu nawonso umanyenga. Galasi lakale limene adathiramo manganese kuti liyere limasanduka ngati maluwa a jakaranda likakhalitsa padzuwa. Amalonda ena achinyengo amaika mabotolo pa cheza champhamvu kuti mtunduwo ubwere msanga, mtengo ukwere.

Koma mdani wamkulu wa wotolera mabotolo si wamalondayo. Ndi mtima wake womwe. Iye amalakalaka kuti botolo lake likhale lakalekale, ndipo maso amathamangira kuona chimene mtima wafuna kale. Wotolera wokhwima amaphunzira kudzikayikira. Amayang'ana mzere, mlomo, mtundu ndi zolembedwa kunsi kwake, ndipo zikapanda kugwirizana amavomera kuti sakudziwa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga ife, abale anga, timadekha chotere ndi anzathu? Mwana wabwera usiku kamodzi, tagamula kuti walowerera. Mkamwini wakhala chete pabwalo, tati ngwonyada. Chizindikiro ndi chimodzi, koma mlandu tautseka, ndipo kawirikawiri chigamulocho chidali kale mumtima mwathu.

Munthu akalakwitsa chaka cha botolo, amasintha kapepala komata, nkhani yatha. Botolo silimva kuwawa. Koma mbiri imene tamata pa mnzathu amayenda nayo kumsika, kuchigayo ndi kumaliro, mwina mpaka kumanda. Ngati galasi lotayidwa kudzala alipo olipatsa nthawi yoti lipereke umboni wake wonse, kodi munthu wamoyo tingammane bwanji?